Manambala Ambiri Si Nthawi Yolondola: Kusiyana kwa Resolution ndi Precision pa Mawotchi a Kompyuta

Munthu amene akuphunzira kulemba mapulogalamu akafunsa kompyuta kuti nthawi ili bwanji, imamuyankha ndi nambala yaitali yofika mpaka pa nanosekondi, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000 a sekondi. Kanthawi kameneka n'kakafupi kwambiri moti ngakhale kuwala kumangoyenda masentimita pafupifupi 30 okha kasanathe. Choncho n'zosadabwitsa kuti ambiri amakhulupirira kuti makina amene akulemba manambala ochuluka chonchi akuidziwadi nthawi mpaka pa nambala yomalizirayo. Koma munthu yemweyo akafuna kuyeza kuti kachigawo ka pulogalamu yake kakutenga nthawi yaitali bwanji, nthawi zina amapeza ziro, akabwereza n'kupezanso ziro, kenaka mwadzidzidzi n'kupeza mamilisekondi 15.6 (milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi), chikhalirecho pulogalamuyo sanaisinthe paliponse.

Chisokonezochi chimabwera chifukwa mafunso angapo osiyana amatengedwa ngati funso limodzi. Pali funso lakuti nambala ya nthawi imalembedwa m'tizigawo tating'ono bwanji, ndipo palinso lina lakuti nambalayo imasintha pakadutsa nthawi yaitali bwanji. Kuyeza chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza n'kuona ngati mayankho akuyandikana ndi nkhani inanso, ndipo kutalikirana kwa wotchi ndi nthawi imene mayiko anagwirizana ndi nkhani yapaderanso. Akatswiri amagwiritsa ntchito mawu akuti resolution, precision ndi accuracy pa mafunso amenewa, koma zolemba zawo sizigwirizana nthawi zonse kuti liwu liti ndi la funso liti.

Chimene chimagunda m'kati mwa kompyuta

Wotchi iliyonse imakhala ndi mbali ziwiri: chinthu chobwereza kachitidwe kamodzimodzi mosalekeza, ndi china chowerenga kuti chabwereza kangati. M'kompyuta mbali yoyambayo kawirikawiri imakhala kachidutswa ka mwala wa quartz, komwe kamanjenjemera pa liwiro lodziwika kakalandira mphamvu ya magetsi. Wotchi yoyamba yoyendera quartz inapangidwa mu 1927 ku Bell Telephone Laboratories ku United States ndi Warren Marrison ndi J. W. Horton, ndipo mfundo yake ndi imene ikugwirabe ntchito m'mafoni, m'malaputopu ndi m'maseva.

Kompyuta imodzi imakhala ndi mawotchi angapo. Pali kawotchi kodalira kabatire kake, komwe kamasunga tsiku ndi ola makina akazimitsidwa. Kamwala kake kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi, ndipo nambalayi inasankhidwa chifukwa mukaigawa pawiri maulendo 15 mumatsala ndi 1, zomwe n'zosavuta kuchita ndi zipangizo zamagetsi. Kompyuta imakawerenga makamaka poyaka, kenaka n'kumadalira zowerengera zina zothamanga kwambiri. Chimodzi mwa izo ndi TSC, chimene Intel inaika mu 1993 m'pulosesa ya Pentium (pulosesa ndi kachipangizo kamene kamachita masamu ndi kutsatira malamulo a mapulogalamu), ndipo masiku ano chimawerenga maulendo mabiliyoni angapo pa sekondi. China ndi HPET, chimene Intel ndi Microsoft anakonza limodzi kuti chizigunda maulendo osachepera 10 miliyoni pa sekondi. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina, monga Windows kapena Linux, imasankha chowerengera chimodzi, n'kusandutsa chiwerengero chake kukhala masekondi. Nthawi imene wolemba pulogalamu amalandira ndi zotsatira za masamu amenewa.

Resolution: wotchi imadumpha motani

Resolution ndi kusintha kochepetsetsa kumene chipangizo choyezera chingathe kuonetsa. Pa rula, ndi mpata wa pakati pa timizere tiwiri toyandikana. Ngati timizereto tatalikirana milimita imodzi, chinthu chotalika mamilimita 12.2 ndi china chotalika mamilimita 12.4 zidzaoneka zofanana, chifukwa rulayo ilibe pozisiyanitsira. Pa wotchi ya kompyuta, resolution ndi nthawi imene imadutsa nambala isanasinthe, popeza nthawi ya m'kompyuta imayenda modumphadumpha.

Kukula kwa kudumphako kuli ndi mbiri yake. Kompyuta ya IBM PC ya mu 1981 inali ndi kachipangizo ka Intel 8253, kamene kankalandira kugunda maulendo 1,193,182 pa sekondi. Nambala yachilendoyi inachokera ku kamwala ka quartz kogwirizana ndi kachitidwe ka mawailesi akanema a ku America otchedwa NTSC, komwe kankapezeka mosavuta panthawiyo. Kachipangizoka kankawerenga mpaka 65,536 n'kudzidzimutsa pulosesa kamodzi, choncho wotchi inkasuntha maulendo pafupifupi 18.2 pa sekondi, ndiye kuti pakadutsa mamilisekondi pafupifupi 55. Chilichonse chochitika mofulumira kuposa pamenepa sichinkaoneka pa wotchi ya DOS, pulogalamu imene inkayendetsa makompyutawo, pokhapokha wolemba pulogalamu atalankhula ndi kachipangizoko mwachindunji.

Windows ya masiku ano, ikangosiyidwa mmene inabwerera, imasuntha wotchi yake yanthawi zonse maulendo 64 pa sekondi, ndipo 1,000 mukaigawa ndi 64 mumapeza mamilisekondi 15.625. Apa ndi pamene pamachokera nambala yodabwitsa ija. Tiyerekeze kuti ntchito imene ikuyezedwa imatenga mamilisekondi awiri ndendende. Pulogalamu imawerenga wotchi ntchito isanayambe, n'kuiwerenganso itatha, kenaka n'kuchotsera. Ngati ntchito yonseyo yachitika pakati pa kudumpha kuwiri kwa wotchi, manambala awiriwo amakhala ofanana ndipo yankho limakhala ziro. Ngati kudumphako kwachitika ntchito ili m'kati, yankho limakhala 15.625. Popeza mamilisekondi awiri ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a 15.625, yankho lalikululi limatuluka pafupifupi kamodzi pa maulendo asanu ndi atatu alionse. Palibe ulendo ngakhale umodzi pamene yankho loona, lomwe ndi 2, lingatuluke, ngakhale wotchiyo ikuyenda bwinobwino.

Chimene chinkasokoneza kwambiri n'chakuti pulogalamu iliyonse inkatha kupempha Windows kuti ifupikitse kudumphako kufika pa milisekondi imodzi, ndipo kwa zaka zambiri pempho la pulogalamu imodzi linkakhudza makina onse. Motero zotsatira za kuyeza zinkatha kusintha chabe chifukwa chakuti pulogalamu ina, mwachitsanzo yoseweretsa nyimbo, yatsegulidwa pambali. Microsoft inasintha kachitidwe kameneka mu 2020. Chifukwa chosafulumizira wotchi nthawi zonse n'chomveka: kudumpha kulikonse kumadzutsa pulosesa, ndipo pulosesa yodzutsidwa pafupipafupi imatha batire.

Linux nayo inkadalira kugunda kotereku, ndipo wokonza amasankha kuti kuzichitika maulendo 100, 250, 300 kapena 1,000 pa sekondi. Cha m'ma 2006 ndi 2007 inayamba kugwiritsa ntchito njira zowerengera nthawi zosadikira kugundako. Lero munthu akaifunsa kudzera mu lamulo lotchedwa clock_getres, nthawi zambiri imayankha kuti resolution yake ndi nanosekondi imodzi. Yankholi likunena za kachigawo kolembera nambala, ndipo silikulonjeza kuti munthu angasiyanitsedi zochitika ziwiri zotalikirana nanosekondi imodzi.

Malo olembamo nambala

Kachigawo kolembera ndi kudumpha kwa wotchi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale kuti zonse nthawi zina zimatchedwa resolution. Windows imalemba nthawi m'tizigawo ta mananosekondi 100 kuwerengera kuyambira pa 1 Januwale 1601, koma njira yake yakale yofunsira nthawi inkapereka nambala yomwe imangosintha wotchi ikadumpha. Manambala akumapeto ankaoneka ngati akunena kanthu, pomwe ankangokhala mmene analili kwa mamilisekondi angapo. N'chifukwa chake mu Windows 8, mu 2012, munabwera njira ina yotchedwa GetSystemTimePreciseAsFileTime. Njira yakaleyo ili ngati rula yokhala ndi timizere tambirimbiri, koma imene woigwiritsa ntchito amangololedwa kuwerenga mzere wa sentimita iliyonse.

Nthawi zina vuto limakhala la mbali inayo, kuti wotchi ndi yabwino koma malo olembamo ndi ochepa. Njira yakale yosungira mafayilo ya FAT, yomwe ikupezekabe pa mafulashi ndi pa mamemore khadi ambiri, imasunga nthawi imene fayilo inasinthidwa m'tizigawo ta masekondi awiri. Fayilo yokoperedwa kuchoka pa diski ya NTFS, njira yatsopanoko ya Windows imene imasunga mpaka mananosekondi 100, imatha kuoneka ngati yasintha nthawi, ndipo mapulogalamu osungira makope a mafayilo amayenera kulolera kusiyana kumeneku, apo ayi angamakoperenso fayilo yomweyo ulendo uliwonse.

Tizigawo tikachepa kwambiri, malo amadzaza msanga. Unix yoyambirira ya mu 1971, yomwe nayo ndi pulogalamu yoyendetsa makina, inkawerenga nthawi m'magawo 60 a sekondi pa malo a mabiti 32 (biti ndi malo olembamo 0 kapena 1), ndipo malowa akanadzaza pasanathe zaka ziwiri ndi theka. Okonza ake anasintha n'kuyamba kuwerenga masekondi athunthu kuchokera pa 1 Januwale 1970, ndipo chiwerengero chimenechi chapitirira 1.7 biliyoni. Kukula kwakeku kuli ndi zotsatira zimene ambiri saziganizira. Zilankhulo zambiri za mapulogalamu zimasunga nambala zokhala ndi madesimo m'malo a mabiti 64, ndipo nambala ikamakula, mpata wa madesimo umachepa. Pa chiwerengero cha masekondi cha masiku ano, nambala ziwiri zoyandikana kwambiri zimene zingalembedwe m'njira imeneyi zimatalikirana mananosekondi pafupifupi 238. Ichi ndicho chinachititsa kuti chilankhulo cha mapulogalamu cha Python 3.7, mu 2018, chibweretse time_ns, yomwe imapereka nthawi ngati nambala yathunthu ya mananosekondi.

Kuperewera kwa malo olembamo kunatengapo miyoyo. Pa 25 Febuluwale 1991, pa nkhondo ya ku Gulf, makina a Patriot otchinga mizinga ku Dhahran m'dziko la Saudi Arabia analephera kutsata mzinga wa Scud, ndipo asilikali a America 28 anafa. Wotchi ya makinawo inkawerenga m'magawo 10 a sekondi, koma nambala ya 0.1 singalembedwe ndendende m'kalembedwe ka makompyuta ka 0 ndi 1, choncho inkadulidwa kuti ikwane m'mabiti 24. Kachidutswa kotayikako kanali kochepa zedi pa kugunda kumodzi, koma makinawo atayenda maola pafupifupi 100 osazimitsidwa kanaunjikana n'kufika masekondi 0.34, nthawi yokwanira kuti mzinga uyende mtunda woposa theka la kilomita. Chowerengeracho chinkawerenga bwino. Cholakwika chinali m'masamu osandutsira chiwerengerocho kukhala masekondi.

Precision: mayankho amayandikana motani

Kwa akatswiri a sayansi ya kuyeza, precision ndi kuyandikana kwa mayankho pamene chinthu chimodzimodzi chayezedwa mobwerezabwereza m'njira yofanana. Munthu akayeza thabwa limodzi kakhumi ndi rula ya timizere ta milimita, n'kupeza mayankho osiyana ndi mamilimita atatu kapena anayi chifukwa dzanja silikhazikika, resolution ya rulayo ndi milimita imodzi koma precision ya kuyezako ndi yotsika kuposa pamenepo. Resolution imaika malire amene precision singawadutse pa kuyeza kumodzi, koma sitsimikizira kuti malirewo afikidwa.

Pa kompyuta, zogwedeza dzanja zilipo zambiri. Choyamba, kuwerenga wotchi nakonso kumatenga nthawi. Pa makina amakono kufunsa nthawi kudzera mu TSC kumatenga mananosekondi makumi angapo, ndipo kudzera mu HPET kumachedwa kwambiri kuposa apo chifukwa pulosesa imayenera kufunsa kachipangizo kakunja kwake. Wotchi yodumpha nanosekondi iliyonse koma yofuna mananosekondi 25 kuti iwerengedwe singayeze mokhulupirika ntchito ya mananosekondi asanu. Komanso pulosesa sigwira ntchito ya pulogalamu imodzi yokha: imatha kuimitsidwa pakati pa kuyeza kuti ilandire uthenga wochokera pa netiweki, kapena kupatsidwa pulogalamu ina kwa mamilisekondi angapo, ndipo nthawi yonseyo imalowa m'yankho. Liwiro la pulosesa nalonso limakwera ndi kutsika malinga ndi kutentha ndi kuchuluka kwa ntchito, ndipo zimene zasungidwa kale mu cache, kamemore kakang'ono kothamanga ka m'pulosesa, zimapezeka msanga kuposa zofunika kukatengedwa ku memore yaikulu. TSC ya makedzana inali ndi mavuto akeake, chifukwa inkachedwa pulosesa ikatsitsa liwiro, ndipo pa makina a mapulosesa angapo zowerengerazo sizinkayendera limodzi nthawi zonse. Mapulosesa atsopano ali ndi TSC yoyenda pa liwiro losasintha.

Apa pali chinthu chooneka ngati chosemphana ndi nzeru. Wotchi yodumpha motalikira imatha kuoneka ngati ya precision yapamwamba, chifukwa imapereka yankho lomwelo ulendo uliwonse, pomwe kwenikweni ikungobisa kusiyana kumene kulipo. Wotchi yodumpha pafupipafupi imaonetsa mayankho omwazikana, ndipo munthu angaganize kuti ndi yosadalirika, chikhalirecho ikungoulula kugwedezeka kumene kunalipo kale. Njira yodziwika yothanirana ndi zonsezi ndi kubwereza ntchitoyo kambirimbiri n'kugawa nthawi yonse ndi chiwerengero cha maulendo. M'chitsanzo cha mamilisekondi awiri chija, kubwereza maulendo 10,000 kumatenga masekondi pafupifupi 20, ndipo pa masekondi 20 kudumpha kwa mamilisekondi 15.6 sikukhalanso ndi kanthu. Koma kubwereza kumangochotsa zolakwika zogwa mwangozi. Cholakwika chopendekera mbali imodzi nthawi zonse chimatsala mmene chinalili. Akatswiri oyeza liwiro la mapulogalamu amasiyanabe maganizo ngati yankho loyenera kulengeza ndi laling'ono kwambiri mwa onse, lapakati, kapena kumwazikana konse.

Tanthauzo lakuti precision ndi kuyandikana kwa mayankho ndi limene linatsatidwa m'chikalata cha PEP 418, chomwe chinabweretsa mawotchi atsopano mu Python 3.3 mu 2012. Zolemba za chilankhulo cha Java zimagwiritsa ntchito mawuwa mwanjira ina: zimanena kuti wotchi yake ya System.nanoTime imapereka precision ya nanosekondi koma silonjeza resolution ya nanosekondi, kutanthauza kuti precision ndi kachigawo kolembera, pomwe resolution ndi kufulumira kwa kusintha kwa nambala. NTP, njira yogwirizanitsira mawotchi pa intaneti imene David L. Mills wa ku University of Delaware anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1980, ili ndi tanthauzo lachitatu. Kumeneko precision imatengera nthawi yochepetsetsa yofunika kuti wotchi iwerengedwe, ndipo imalembedwa ngati mphamvu ya nambala 2, moti -20 amatanthauza sekondi yogawidwa pawiri maulendo 20, yomwe ndi pafupifupi maikulosekondi imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi). Palibe mwa matanthauzowa limene lili lopanda maziko, chifukwa m'masamu a makompyuta precision yakhala ikutanthauza kuchuluka kwa manambala olembedwa kuyambira kalekale. Chofunika kwa wowerenga ndi kuyamba waona kuti chikalata chimene ali nacho chikutanthauza chiyani asanayerekezere nambala zake ndi za chikalata china.

Accuracy: kutalikirana ndi nthawi yogwirizana

Wotchi ikhoza kudumpha nanosekondi iliyonse, n'kumapereka mayankho oyandikana kwambiri, koma n'kukhala kuti yatsalira ndi mphindi zisanu. Imeneyi ndi nkhani ya accuracy, ndipo pa rula ikufanana ndi rula yothyoka nsonga: aliyense woyeza nayo mosamala adzapeza yankho lofanana, ndipo onsewo adzakhala atalakwitsa mofanana.

Muyezo woyerekezera ulipo. Kuyambira mu 1967, sekondi imatanthauzidwa kuti ndi nthawi ya kugwedezeka maulendo 9,192,631,770 kwa cheza chogwirizana ndi atomu ya caesium-133, ndipo nthawi ya dziko lonse yotchedwa UTC imakonzedwa ndi bungwe la BIPM ku Sèvres pafupi ndi Paris pophatikiza mawotchi a atomu mazanamazana a m'mayiko osiyanasiyana. Kamwala ka quartz sikangafike pamenepo. Kamene kalakwitsa ndi magawo 20 pa miliyoni, zomwe si zachilendo pa timiyala ta mawotchi wamba, kamatsogola kapena kutsalira ndi masekondi pafupifupi 1.7 pa tsiku, ndiye kuti pafupifupi mphindi imodzi pa mwezi. Kulakwitsako sikukhazikika, chifukwa kumasintha ndi kutentha ndiponso ndi kukalamba kwa kamwalako.

NTP imakonza zimenezi pofunsa maseva ena nthawi, n'kuyerekezera kuti uthenga wachedwa bwanji panjira. Nambala yake ya nthawi ili ndi tizigawo tochepera theka la nanosekondi, pafupifupi mananosekondi 0.233, komabe pa intaneti wamba imafikitsa wotchi pa kusiyana kwa mamilisekondi angapo kapena makumi angapo, ndipo pa netiweki ya m'nyumba imodzi imatha kutsika pansi pa milisekondi. Cholepheretsa chachikulu n'chakuti njirayi imaganiza kuti ulendo wopita ndi wobwerera ndi wotalika mofanana, zomwe sizikhala choncho nthawi zonse. Kumene kukufunika zoposa apa amagwiritsa ntchito PTP, muyezo wa IEEE 1588 wa mu 2002, umene pa zipangizo zoyenerera umafika pansi pa maikulosekondi imodzi.

Malamulo a misika ya ndalama ku European Union otchedwa MiFID II, omwe anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2018, amasiyanitsa bwino zinthu ziwirizi. Kwa ochita malonda othamanga kwambiri pogwiritsa ntchito makompyuta, lamulo limafuna kuti nthawi ilembedwe m'tizigawo ta maikulosekondi imodzi kapena tochepera apo, komanso kuti wotchi isatalikirane ndi UTC kupitirira mamaikulosekondi 100. Zimenezi zikutanthauza kuti manambala awiri omalizira angathandize kudziwa chimene chinayamba pa makina amodzi, koma sangadaliridwe poyerekezera makina awiri osiyana.

Kukonza wotchi kumabweretsa vuto lina, chifukwa wotchi imene yatsogola iyenera kuchedwetsedwa pang'onopang'ono kapena kubwezedwa m'mbuyo kamodzi n'kamodzi. Ikabwezedwa pakati pa kuyeza, ntchito imaoneka ngati yatha isanayambe. Pa chifukwa chimenechi makompyuta amapereka mitundu iwiri ya mawotchi: yonena tsiku ndi ola, imene ingathe kukonzedwa, ndi ina yotchedwa monotonic, imene sibwerera m'mbuyo koma sidziwa tsiku. Yachiwiriyi ndiyo yoyenera poyezera kutalika kwa ntchito, ndipo pa iyo funso la accuracy limangokhudza ngati sekondi yake ndi yotalika moyenera.

Pamene wotchi imachepetsedwa dala

Kwa zaka zambiri anthu ankaona kuti wotchi yodumpha pafupipafupi ndi yabwino nthawi zonse. Mu Januwale 2018 kunalengezedwa zofooka za mapulosesa zotchedwa Spectre ndi Meltdown, zomwe zimathandiza pulogalamu yoipa kudziwa zinsinsi zimene siyenera kuziona poyeza kuti kuwerenga malo ena a memore kwatenga nthawi yaitali bwanji. Kusiyana kofunidwako n'kwa mananosekondi makumi angapo kapena kuposerapo pang'ono, choncho wotchi yabwino imasanduka chida cha wakuba. Okonza mapulogalamu otsegulira masamba a pa intaneti anachepetsa msanga resolution ya performance.now, wotchi imene masambawo amagwiritsa ntchito. Chrome inachoka pa mamaikulosekondi 5 n'kupita pa 100, pomwe Firefox ndi Safari anafika pa milisekondi imodzi.

Kutalikitsa kudumpha kokha sikunali kokwanira, chifukwa munthu wochenjera amatha kudikira mphindi yeniyeni imene nambala ikusintha, n'kumawerenga yekha kuti ntchito yaing'ono yabwerezedwa kangati kusintha kotsatira kusanafike, motero n'kudzipangira timizere take pakati pa timizere ta rula. Ena mwa okonzawo anawonjezera kusokoneza dala nthawi imene nambalayo imasinthira, ndiye kuti anatsitsa precision kuwonjezera pa resolution. Pambuyo pake masamba amene adzipatula ku masamba ena motsatira malamulo achitetezo anabwezeredwa mawotchi abwinopo.

Zimene sizinathetsedwe

Pa nkhani ya chitetezoyi maganizo akadali awiri. Ena amati kuchepetsa mawotchi kumangochedwetsa wakuba, popeza akhoza kubwereza kuyeza kambirimbiri monga momwe woyeza woona mtima amachitira, ndipo amene amavutika ndi olemba mapulogalamu a masewera, a nyimbo ndi a kafukufuku. Ena amati kuchedwetsako pakokha ndi chitetezo, chifukwa kuba kumene kukanatenga masekondi kukamafuna maola, mpata wokuchitira umachepa. Malire oyenera sanagwirizanidwe, ndipo n'chifukwa chake nambala za Chrome ndi za Firefox n'zosiyana.

Funso lina ndi lakuti kodi wotchi iyenera kupereka nambala imodzi yokha, kapena inene ndi kukayika kwake komwe. Google, pofotokoza za nkhokwe yake yosungira deta yotchedwa Spanner mu 2012, inaonetsa njira ya TrueTime, imene imayankha ndi nthawi ziwiri, yoyambirira ndi yomalizira, n'kutsimikiza kuti nthawi yeniyeni ili pakati pake. Mpatawo unali wa mamilisekondi ochepa, ndipo unkadalira mawotchi a atomu ndi GPS m'malo osungira maseva. Njirayi imanena zoona zambiri kuposa nambala imodzi ya madesimo asanu ndi anayi, koma pafupifupi mapulogalamu onse amene alipo analembedwa moyembekezera nambala imodzi, ndipo kompyuta wamba ilibe njira yodziwira kukayika kwake motsimikiza. Vutoli limakula pa makompyuta ongoyerekezera amene amagawana makina amodzi m'maseva, chifukwa kompyuta yotereyi imatha kuimitsidwa kwa kanthawi kapena kusamutsidwira pa makina ena iyo osadziwa, ndipo sizinakhazikike kuti wotchi yake iyenera kuonetsa chiyani ikadzuka.

Ngakhale muyezo woyerekezerawo ukusintha. Kuyambira mu 1972, UTC yawonjezeredwa sekondi yapadera maulendo 27 kuti igwirizane ndi kuzungulira kwa dziko, komaliza pa 31 Disembala 2016, ndipo makampani sachita zofanana pa sekondi imeneyi: ena amaibwereza, ena amaimwaza pa maola ambiri, moti pa tsiku lotero makompyuta awiri osamalidwa bwino amatha kusiyana ndi gawo lalikulu la sekondi. Mu Novembala 2022 msonkhano waukulu wa mayiko woona za miyezo unagwirizana kuti kachitidwe kameneka kasinthe pofika 2035, koma kuti UTC idzaloledwe kupatukana ndi kuzungulira kwa dziko mpaka pati, ndiponso kuti kusiyanako kudzakonzedwa bwanji kukadzakula, ndi nkhani imene ikukambidwabe. Palinso ntchito yofuna kutanthauziranso sekondi pogwiritsa ntchito mawotchi a atomu oyendera kuwala, omwe aposa kale a caesium pa kukhazikika, ndipo akatswiri akukambirana ngati tanthauzo latsopanolo lidzatsamire pa mtundu umodzi wa atomu kapena pa mitundu ingapo pamodzi.